Sabata imene disiki imodzi inandisowetsa tulo

Lolemba m'mawa ndinapeza imelo yochokera kwa mdadm, pulogalamu ya Linux yoyang'anira madisiki ophatikizidwa pamodzi, yonena kuti imodzi mwa madisiki 6 a seva yathu yosungira mafayilo yafa. Mtima sunagunde. Sevayo ili pa RAID 6, kutanthauza kuti madisiki awiri angathe kufa koma osatayika kanthu. M'kabati munali kale disiki yatsopano ya 6 TB imene inkadikira tsiku ngati limeneli. Ndinazula yakufayo, n'kulowetsa yatsopano, n'kuiphatikiza ndi mdadm --add, ntchito yomanganso (rebuild), yobwezera pa disiki yatsopano zimene zinali pa yakufayo, n'kuyamba.

Masamu ake ndi apafupi. Disiki yozungulira ikamalemba mondondoza imakwanitsa pafupifupi 150 MB pa sekondi, ndiye 6 TB imafuna maola ngati 11. Ndinauza abwana kuti pofika mawa lake zonse zikhala zili m'malo.

Ndinafulumira pakamwa. Masana nditayang'ana mu /proc/mdstat, fayilo yoonetsa m'mene rebuild ikuyendera, liwiro linali 1100 KB pa sekondi, ndipo nthawi yotsala imene inkaonetsa inali yokwana miyezi iwiri.

Ichi chokha sichinandidabwitse, chifukwa Linux inapangidwa dala kuti izitero. Pali malire awiri mu /proc/sys/dev/raid. Wina ndi speed_limit_max, umene umabwera uli pa 200000, wina ndi speed_limit_min, umene umabwera uli pa 1000, onse powerengera ma KB pa sekondi. Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ikaona kuti anthu akugwiritsa ntchito madisikiwo, imabweza liwiro la rebuild mpaka pa malire apansiwo kuti anthu asavutike. Ndi ulemu wabwino, koma 1000 ndi nambala ya nthawi imene madisiki anali aang'ono. Seva yathu sipuma usana wonse, choncho rebuild inangokhala ikupatsa ena njira. Ndinakweza malire apansi kufika pa 50000, ndinasunthira backup ya madzulo pakati pa usiku, ndipo nditakumbukira ndinayang'ananso kuti checkarray, ntchito yoyeza madisiki onse imene pa Linux ya Debian imadzuka Lamlungu loyamba la mwezi, siili pafupi. Liwiro linakwera mpaka 120 MB. Ndinaweruka ndikudziona katswiri.

Lachiwiri ndinapeza zili pa 14 peresenti, liwiro likusewera pakati pa 4 ndi 9 MB, ndipo anthu akudandaula kuti fayilo yaing'ono ikutenga nthawi kusungika.

Tsiku limeneli ndimachita nalo manyazi pang'ono, chifukwa ndinalithera kupotokola mabatani. Ndinayamba ndi stripe_cache_size, kukula kwa malo a mu memory osungiramo zimene RAID ikugwirapo ntchito. Pa RAID 5 ndi 6 imabwera ili pa 256, ndipo memory imene imadya ndi nambalayo kuchulukitsa ndi 4 KB komanso ndi chiwerengero cha madisiki, ndiye kwa ife inali 6 MB basi. Ndinaikweza kufika pa 8192, yomwe ndi 192 MB, kanthu kochepa pa seva imeneyo. Panalibe kusintha. Ndinakweza read-ahead, kuchuluka kwa zimene zimawerengedweratu zisanafunidwe. Ndinayatsa group_thread_cnt, yogawa ntchito ya RAID ku mbali zingapo za purosesa, poganiza kuti mwina purosesa ikulemedwa ndi kuwerengera parity, masamu amene RAID imabwezeretsera zotayika, chikhalirecho pulogalamu ya top inkandionetsa poyera kuti purosesayo ikungokhala. Chilichonse mwa zimenezi chimathandiza pa nthawi yake, koma ine ndinkapereka mankhwala ndisanamuyeze wodwala.

Anandidzutsa ndi mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito. Anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, bwanji timagetsi ta madisiki enawa tikuphethira mwa apo ndi apo, koma ka yatsopanoyi kangoyaka osazima?"

Ndinatsegula iostat -x, yoonetsa m'mene disiki iliyonse yatanganidwira, chinthu chimene ndikanayamba nacho Lolemba. Pa madisiki akale asanu, anayi anali pansi pa 10 peresenti, akungodikira. Yatsopanoyo inali pa 100, ndipo nthawi yodikira kuti ilembe inkafika masekondi awiri kapena atatu, pomwe disiki yabwinobwino imayankha mu ma millisecond owerengeka. RAID 6 ikamamanganso imawerenga mzere pa madisiki otsala, n'kuwerengera chimene chikusowa, n'kuchilemba pa yatsopano. Imodzi ikatsalira, onse amaima.

Koma panalinso ina yakale imene inkaoneka yolemedwa kuposa anzake, ndipo imeneyo inandisocheretsa Lachitatu m'mawa wonse. Mu dmesg, momwe mumaoneka mauthenga a kernel, munali mizere yonena kuti liwiro la waya wake wa SATA latsitsidwa kuchoka pa 6.0 kufika pa 1.5 Gbps. Apa ndiye mtima unagunda, chifukwa disiki yachiwiri ikafa pakati pa rebuild ndiye kuti chitetezo chonse chatha. Ndinaifunsa ndi smartctl, pulogalamu yowerenga zimene disiki imalemba za thanzi lake. Nambala 5, ya masekitala (tizigawo ta disiki) osamutsidwa chifukwa choonongeka, inali 0. Nambala 197, ya masekitala okayikitsa, 0. Nambala 199, ya zolakwika za CRC, zimene zimachitika uthenga ukasokonekera panjira, inali m'mahandiredi ndipo ikukwerabe. Nambala imeneyi kawirikawiri imaloza waya, osati disiki. Ndiyenera kuti ndinagwedeza wayayo ndekha Lolemba polowetsa dzanja. Vuto linali lenileni, koma ngakhale 1.5 Gbps imadutsitsa pafupifupi 150 MB pa sekondi, ndiye silikanatigwetsa mpaka pa 5.

Ndinabwerera ku yatsopano ija. Ndinatenga nambala ya model yake n'kukaifufuza pa pepala la wopanga. Pansi penipeni panali zilembo zitatu: SMR.

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kunja ndi chimodzimodzi ndi zinzake, kukula komweko, polowera pomwepo. Kusiyana kuli pa kalembedwe. Pa disiki wamba, imene amaitcha CMR, mizere yolembapo imakhala moyandikana osakhudzana. Pa SMR mizereyo imasanjikizana ngati matailosi a padenga, kuti pakwane zambiri. Mutu wolembera ndi waukulu kuposa wowerengera, choncho ukalemba pa mzere umodzi umawononga woyandikana nawo, ndipo disiki imakakamizika kuwerenga chigawo chonse n'kuchilembanso. Pobisa zimenezi, opanga amasiya kadera kolembamo mwachangu, kuti disikiyo izisamutsa zinthu pa nthawi imene yapuma. Pa kompyuta ya munthu mmodzi simungadziwe n'komwe. Koma pa rebuild palibe kupuma. Kulemba kondondoza kumasakanikirana ndi zimene anthu akusunga m'dera lomwe lamangidwa kale, komanso ndi zolemba za md yeniyeniyo, gawo la Linux loyendetsa RAID. Kadera kaja kakadzaza, liwiro limagwa. Ndi chifukwa chake Lolemba madzulo zinathamanga, usiku n'kufooka. Mu 2020 nkhani imeneyi inavuta kwambiri zitadziwika kuti madisiki ena a SMR ankagulitsidwa popanda kulemba kuti ndi otero. Ndinaiwerenga nthawi imeneyo, n'kugwedeza mutu, koma m'kabati mwanga momwe sindinayang'anemo.

Chinandiopsa kwambiri n'chakuti disiki yotere ikatanganidwa imatha kukhala chete nthawi yaitali, pomwe Linux imadikira masekondi 30 okha isanayambe kuiyesa yadwala. Ikanatha kutayidwa kunja pa 90 peresenti, masiku onsewo n'kupita pachabe.

Ndinakalowa kwa abwana.

"Ndiye mukuti tiyambirenso? Si tafika kale pa 30 peresenti?"

"Eya bwana. Tikaisiya itenga sabata ina, mwinanso osamaliza. Tikaika yoyenera ndi usiku umodzi."

Anandiyang'ana, ndipo ndikudziwa kuti ankakumbukira lonjezo la Lolemba lija. Anasaina.

Disiki ya CMR inafika Lachinayi masana. Ndisanakhudze chilichonse ndinatsimikiza kuti backup ya usiku yatha bwino, ndipo ndinabwezeretsa mafayilo angapo kuti ndione ndi maso. Anthu ataweruka ndinachotsa ya SMR ndi --fail ndi --remove, ndinazimitsa seva, ndinasintha waya uja, n'kulowetsa yatsopano. Ndinaiuzanso ndi smartctl -l scterc,70,70 kuti ikakumana ndi sekitala yovuta isalimbane nayo kupitirira masekondi 7, ingonena kuti yalephera, md ikonze yokha kuchokera ku parity. Zimenezi disiki zambiri zimaiwala magetsi akazima, choncho ndinazilemba mu script yoyambira.

Inayamba pa 170 MB, n'kumatsika pang'onopang'ono pamene mutu unkalowera chapakati pa mbale, kumene mizere ndi yaifupi. Kutsika kotere n'kwachibadwa. Ndinakhala ndikuyang'ana iostat mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, madisiki onse 6 akugwira mofanana.

Lachisanu m'mawa /proc/mdstat inali ndi ma U 6 ondondozana, kutanthauza kuti madisiki onse ali bwino. Ndinabwezera speed_limit_min pansi, stripe_cache_size ndinaisiya pa 8192. Kenako ine ndi mnyamata uja tinatsegula kabati n'kuyamba kufufuza model ya disiki iliyonse yodikira. Tinapezamo ina ya SMR. Iye anatenga cholembera chakuda n'kulemba pa katoni pake zilembo zikuluzikulu: OSAIKA MU RAID.