Zikomo kwa a pa zenera la mankhwala: mayi atha chaka osagonekedwa

Sabata ino mayi anga akwanitsa chaka chathunthu osagonekedwa m'chipatala, ndipo bala la kuphazi lija linkatisowetsa tulo lapola, kwangotsala chipsera. Ena mwa inu munkabwera kudzationa ku wodi, ena munkatumiza kangachepe pa foni, ndiye ndati ndisakhale chete ngati zinangochitika zokha.

Mayi anawapeza ndi matenda a shuga mu 2021. Ankamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kudambo, usiku kutuluka panja kasanu, thupi likunka lichepa. Ife tinkati ndi kutentha, poti kuno ku Chigwa cha Shire ndani samva ludzu mu Okutobala? Atayezedwa, achibale ena anayamba zonena kuti ndi nzimbe za ku Nchalo zomwe ankatafuna ali mtsikana. Adokotala anaseka, n'kunena kuti nzimbe zikanakhala zoyambitsa zokha, bwenzi Chikwawa yense ali pa mzere umenewu. Anati pali za kumtundu, msinkhu, kunenepa ndi kadyedwe ka zaka zambiri. Anawalembera mapiritsi a mitundu iwiri, metformin ndi glibenclamide. Kwathu palibe amene ali pa MASM kapena sikimu ina iliyonse yolipirira chithandizo cha kuchipatala. Ine ndimagulitsa nsomba zouma pa msika, mlamu wanga amapalasa kabaza, chuma chathu ndi chimenecho. Choncho chipatala cha boma ndiye mayi ndi bambo wathu.

Vuto lenileni linabwera ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023. Madzi atalowa m'mudzi tinathawira pa sukulu ina kufupi ndi Bangula, ndipo buku la kuchipatala la mayi linanyowa mpaka masamba kumatirirana. Pa kampu tinkadya kamodzi, madzulo, ndipo masiku ena inali nyika basi, mizu ya zomera za m'madzi. Koma mayi ndi munthu womvera kwambiri. Anauzidwa kuti mankhwala sadumphitsa, ndiye m'mawa uliwonse ankameza mapiritsi awo m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lina cha m'ma 10 koloko anayamba thukuta lozizira, manja kunjenjemera, n'kumayankhula zosamveka, kutchula anthu omwe anamwalira kalekale. Amayi ena pa kampupo anati ndi mizimu, anayamba ndi nyimbo. Ine ndinaganiza kuti shuga yakwera, ndipo ndivomere pano pagulu kuti ndinatsala pang'ono kuwapatsa piritsi lina. Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja.

Kuchipatala anapeza kuti shuga yatsikiratu, anawaika diripi, anatsitsimuka. Tsiku lotuluka ndinapita pa zenera kukatenga mankhwala, ndi pepala lolembedwa mapiritsi omwe aja. Apa ndi pomwe pali munthu amene ndalembera mawu onsewa. Sinditchula dzina lawo chifukwa sindinawapemphe, koma akawerenga adzizindikira. Ambirife timaona a ku famase ngati anthu ongowerenga mapiritsi n'kulemba timizere pa kathumba. Iwowa anayang'ana pepala lija, n'kundifunsa kuti, "Achemwali, mayiwa akumadya kangati pa tsiku?" Nditanena kuti kamodzi, anatseka zenera pang'ono, mzere wonse ukudandaula kumbuyo kwanga, n'kunditenga kubwerera nane kwa adokotala. Anakambirana awiriwo ine ndili pomwepo, ndipo glibenclamide anamuchotsa.

Kenako anandikhazika pa benchi n'kundifotokozera zomwe kwa zaka ziwiri palibe anatiuzapo. Anati glibenclamide amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo kwa okalamba ndi woopsa kwambiri akamagona ndi njala. Metformin payekha sakonda kugwetsa shuga choncho, koma amafuna kumwera pa chakudya kuti asavute m'mimba. Anati munthu akayamba thukuta ndi kunjenjemera koma akutha kumeza, mumpatse madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera msangamsanga, kenako adye. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye kuchipatala. Ine ndinkadziwa kuti wodwala shuga sayandikira shuga, basi. Zoti tsiku lina shuga yemweyo n'kukhala mankhwala ake zinali zachilendo. Kuyambira pamenepo mayi amayenda ndi kapepala ka shuga komanga pa ngodya ya chitenje.

Patapita miyezi, mapiritsi okha analephera ndipo anawayambitsa insulin. Ndinalira, chifukwa kwathu jakisoni wa tsiku ndi tsiku timamuona ngati chizindikiro choti munthu watha. Komanso tinalibe filiji, magetsi omwe tilibe, ndipo insulin safuna kutentha pomwe kuno dzuwa limadutsa madigiri 40. A ku famase aja anatiphunzitsa za mtsuko: kamphika kadothi mkati mwa mtsuko waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, kuika pa mthunzi podutsa mphepo, kabotolo kali mu kapulasitiki kuti kasanyowe. Anati tisakasungitse mu fiziza ya pa golosale, chifukwa insulin akaundana waonongeka. Anandionetsa kuti wamtundu woyera ngati mkaka uja umamugubuduza pang'onopang'ono m'manja, osamukhutchumula, ndipo pobaya uzisinthasintha malo, lero pamimba mbali iyi, mawa mbali inayo, mkuja pantchafu. Anandiuza kuti ndikoke mankhwala mu sirinji iwo akuona, katatu konse, mpaka manja anga anasiya kunjenjemera.

Sindinganame kuti zonse zinali bwino. Pali miyezi yomwe tinkafika n'kumva kuti metformin watha, kapena timapepala toyezera shuga mulibe, titalipira kale kabaza ulendo wopita ndi wobwerera. Zimapweteka, ndipo amene amayendetsa za mankhwala m'dziko muno adziwe kuti matenda awa sadikira galimoto yobweretsa katundu. Koma ngakhale pamenepo, a pa zenera aja ankatilembera dzina la mankhwala ndi mphamvu yake momveka bwino kuti tikagule ku famase yovomerezeka, osati kwa ogulitsa mapiritsi pa mphasa mu msika. Azimayi anzanga a banki m'khonde anandibwereka kawiri osandiumiriza tsiku lobweza. Inunso zikomo.

Bala lija linayamba ndi munga. Mayi anauponda ku dimba osamva kanthu, poti shuga amapha mphamvu ya kumva m'mapazi. Anesi a tsiku la kiliniki ya shuga ndi amene analiona, chifukwa iwo salola wodwala kutuluka asanavule nsapato. Panali mawu oti likapitirira atitumiza ku Queens ku Blantyre, ndipo tonse tinkadziwa zomwe zimachitikira phazi lotere likachedwa. Anesiwo analitsuka ndi kulimanga kwa miyezi itatu, a ku famase n'kumaonetsetsa kuti mankhwala opha tizilombo amwedwa mpaka kutha, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu ankadutsa pa njinga kudzaona ngati mayi avala nsapato. Ankawapeza alibe, n'kuwakalipira ngati mwana wawo. Chomwe ndinaona n'choti anthuwa amayankhulana. Zomwe wanena kwa mmodzi, ukafika kwa wina wazimva kale, ndipo zalembedwa m'buku latsopano lija.

Pa chakudya sanatiuze zogula zodula. Nsima ya mgaiwa kapena ya mapira, mtanda umodzi m'malo mwa itatu, ndiwo zamasamba zambiri, therere, bonongwe, nsomba, nyemba. Tiyi wopanda shuga ndiye anavuta, mpaka pano amamwa akung'ung'udza. Thobwa lotsekemera anasiya, ngakhale pa maliro ndimawayang'anitsitsa.

Kwa malume omwe anagulitsa mbuzi, kwa mlamu wanga wa kabaza yemwe sanawerengepo maulendo, kwa amayi a mvano omwe ankabweretsa nkhuni, kwa adokotala, anesi ndi alangizi, takhuta, monga amanenera anzathu a Chisena. Ndipo kwa inu a pa zenera, mayi akusungirani nkhuku. Ndawauza kuti mwezi watha munakana mbatata, munati ndi ntchito yanu chabe. Iwo akuti mbatata mukhoza kukana, koma nkhuku akaisiya pakhomo pa famase ili yomanga miyendo, muona nokha chochita nayo.