Chopondera cha pa chishalo chotseguka kunja: pomwe ntchito yafika

Chopondera chomwe chili pa benchi panopa chili ndi mkono umodzi wokha wonyamula kulemera kwa munthu, wam'kati, woyang'ana ku nthiti za hatchi. Mkono wakunja ndi kachitseko chabe. Pansi uli ndi hinjesi, pamwamba wagwidwa ndi kampira kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i. Cholinga n'chakuti wokwera akagwa, phazi lisatsalire m'chopondera hatchi n'kumamukhwekhwereza pansi.

Muyeso wam'kati ndi mamilimita 120, wa nsapato yotambalala mamilimita 95. Lamulo lakale la okwera mahatchi silinasinthe: pakati pa nsapato ndi chitsulo pazitsala mpata wa chala chimodzi mbali iliyonse, mamilimita 12 kapena 13. Chikachepa, nsapato imapanikizika n'kukanirira. Chikakula mopitirira, phazi limalowa lonse mpaka m'kakolo, ndipo apa ndiye poipitsitsa. Kachitseko sikachotsa lamulo limeneli.

Chovuta chachikulu sichili pa kachitseko ayi, chili pa mkono wotsalawo. Chopondera wamba cha mtundu wa Fillis, chomwe chinatenga dzina la James Fillis, katswiri wophunzitsa mahatchi amene anamwalira mu 1913, ndi mkombero wotsekeka. Munthu akaponda, mikono iwiri imagawana katundu ndipo kwenikweni imangokokeka. Mukadula mkono umodzi, chatsalacho chimakhala chilembo C, ndipo mkono wam'kati umayamba kupindidwa osati kukokedwa. N'chifukwa chake zopondera za Peacock, zija zokhala ndi labala kunja, amazisiyira ana ndi anthu opepuka: munthu wamkulu akazigwiritsa ntchito nthawi yaitali, popondapo pamayamba kuwerama cha kunja.

Masamu ake ali motere. Katundu woyesera tinamuika pa makilogalamu 250, kuwirikiza katatu munthu wa makilogalamu 80 n'kuwonjezerako pang'ono, poganizira kuti hatchi ikatera itadumpha chotchinga, phazi limodzi likhoza kulandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lonse. Makilogalamu 250 ndi manyutoni 2,450 (nyutoni ndi muyeso wa mphamvu). Kuchokera pakati pa popondapo kufika pakati pa mkono wam'kati pali mamilimita pafupifupi 70, kutanthauza mphamvu yopinda ya 172 N·m (manyutoni kuchulukitsa ndi mamita). Chitsulo chozungulira cha mamilimita 12, chomwe aliyense amayamba kuchiganizira chifukwa chimapezeka paliponse, chimapanikizika ndi 1,000 MPa (muyeso wa kupanikizika kwa m'kati mwa chitsulo) pa katundu ameneyu. Cha mamilimita 16 chimafika 430 MPa. Koma chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304, chomwe tikugwiritsa ntchito, chimayamba kupindikiratu chikangodutsa 205 MPa. Zonse ziwiri sizingathe. Chimene chikutha ndi chitsulo chaphanthiphanthi cha mamilimita 8 kwa 30, mbali ya 30 ili yopingasa, kuchokera ku phazi kuloza ku hatchi. Chimenechi chimathera pa 150 kapena 160 MPa, pomwe kulemera kwake kukungoposa pang'ono kwa chozungulira cha 16.

Mamilimita 30 amenewa safunika mkono wonse. Mphamvu yopinda ndi yaikulu pa ngodya ya pansi ndi pa chigawo choongoka, ndipo imanka nichepa mkono ukamakhotera ku bowo la lamba wopachikira chopondera pa chishalo, pomwe imatheratu. Choncho mkonowo taufupikitsa m'lifupi pang'onopang'ono kufika mamilimita 16 pafupi ndi bowo. Mbali yokhudza hatchi yasalazidwa ndi galainda kenako tupa mpaka chala chisamvepo ngodya iliyonse, chifukwa chitsulo chotambalala chotere chimayandikira nthiti kuposa cha Fillis.

Chimango chonse, kuyambira pa bowo la lamba, mkono, mpaka msana wa pansi pa popondapo, chadulidwa pa pepala limodzi la chitsulo la mamilimita 8. Palibe chowotcherera pa ngodya. Iyi ndi mfundo yosanyengerera: ngodyayo ndi pomwe katundu amaunjikana, ndipo mng'alu uliwonse umayambira m'mphepete mwa pomwe panawotcheredwa. Ngodya yam'kati ikhale yokhota bwino, utali wa mamilimita 10 kuchokera pakati pa khotalo, osati yakuthwa. Chowotcherera chili pa mbale yopondapo yokha, ya mamilimita 3, yotalika 120 ndi yotambalala 55, yomwe yagona pamwamba pa msanawo, ndipo ndodo yake yowotcherera ndi ya mtundu wa 308L. Amene akufuna aluminiyamu wa 6061-T6 adziwe kuti akawotcherera, mbali yomwe yatenthayo imataya gawo lalikulu la kulimba kwake, ndiye ameneyo ngosema pa chidutswa chimodzi basi. Chathuchi chikulemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo sitikufuna kuchipepuza kwambiri. Chopondera cholemerako chimalendewera phee phazi likachoka, wokwera n'kuchipezanso osayang'ana pansi. Chopepuka chimangouluka n'kumamenya kakolo.

Tsopano kachitseko. Hinjesi kuikhazika pansi kapena pamwamba si nkhani ya maonekedwe. Mkono wakunjawu ndi wotalika mamilimita 110, ndipo kampira kamasiya pamwamba pakakokedwa ndi makilogalamu 5. Munthu akamakwera bwinobwino, chomwe chimakhudza mkonowu ndi m'mphepete mwa soli, mamilimita 30 kuchokera pa hinjesi. Pamenepo pamafunika makilogalamu 18 kuti chitseguke, ndiye sichitseguka chisawawa. Koma munthu akagwa, zala zimaloza kumwamba, phazi limapotoka, ndipo msana wa phazi umakankha cha pamwamba, mamilimita 90 kuchokera pa hinjesi, pomwe makilogalamu 6 okha ndi okwanira. Hinjesi ikakhala pamwamba zonsezi zimatembenuka: chimatseguka msanga pamene simukufuna, n'kulimba pamene moyo wa munthu ukudalira kuti chitseguke. Zoyezera zake ndi sikelo ya mbedza yogulira chimanga ija ndi kachingwe komangidwa pa malo awiri amenewa. Mwana amafunika sipuling'i yofewerapo, ndipo n'chifukwa chake kumbuyo kwa sipuling'i kuli kabawuti ka M8 (konenepa mamilimita 8) kopanda mutu, kothinitsira kapena kumasulira.

Vuto lomwe ladya nthawi yambiri pa gawo lino n'lakuti chimango cha C chimayasama pang'ono munthu akaponda. Sichipindikiratu, chimabwerera, koma mapeto a popondapo amatsika mamilimita angapo, ndipo hinjesi ili pomwepo, ndiye imatsika limodzi ndi kachitseko. Kampira kakakhala m'kadzenje kozungulira, kutsika kumeneku kumakatulutsa m'dzenjemo, chitseko n'kutseguka wokwera atangoimirira pa zopondera. Kuthinitsa sipuling'i si mankhwala ake, chifukwa kumangosandutsa kachitseko kukhala mkono wachiwiri wonyamula katundu, ndipo pa tsiku la ngozi sikadzatseguka. Mankhwala ake ndi kusema kangalande koimirira m'malo mwa kadzenje: mamilimita 8 m'litali, 1.5 kuya, m'mbali mwake motsetsereka. Kampira ka mamilimita 6 kamayenda chokwera ndi chotsika m'ngalandemo momasuka, n'kumangogwira chitseko kuti chisapite kunja. Kachitseko kasanyamule kalikonse. Poyesa, pachikani katundu yense n'kugwedeza kachitseko ndi zala ziwiri: kazigwedera pang'ono ngati mmene kamachitira popanda katundu.

Maginito m'malo mwa kampira amaoneka aukhondo, ndipo kampani ya ku Sweden ya Ophena imawagwiritsa ntchito, ngakhale kuti iwo amawaika mu popondapo ndi m'kati mwa nsapato, mbali yakunja n'kuisiya yotseguka. Pa loko wa kachitseko ali ndi zovuta zitatu. Amatola mchenga wakuda wokhala ndi chitsulo, ndipo kampata ka theka la milimita kamachepetsa kwambiri kugwira kwake. Chikutiro chake chikangosupuka amadyedwa ndi dzimbiri msanga. Komanso maginito wamba a neodymium amayamba kufooka akatentha kupitirira madigiri 80, ndiye galainda kapena chowotcherera chikayandikira atamatidwa kale, aonongeka. Kampira nakonso kamadana ndi matope, koma kamatsukika: pansi pa nyumba ya sipuling'i taboolapo kabowo ka mamilimita 2 kotulutsira madzi. Girisi ayi, amagwira fumbi n'kusanduka phala. Ufa wa graphite, chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, ndiwo wabwino. Labala wa chubu ya njinga asayerekeze n'komwe, amauma ndi dzuwa n'kuduka osachenjeza.

Chinthu china chomwe opanga ambiri amaiwala ndi chotsala chitseko chikatseguka. Pa Peacock, labala akathothoka pamatsala kangowe koloza kumwamba, ndipo kameneka kamakola thalauza, lamba, ngakhale thupi la munthu akamatsika motsetsereka pa chishalo. Kachitseko kotseguka theka nako n'chimodzimodzi, kamasanduka ngowe yothyolera mango, nsapato n'kukodwamo. Choncho hinjesi yathu ilibe poimira: kachitseko kamagwa mpaka kulendewera pansi pa popondapo. Pini yake ndi ya mamilimita 5, mitu yonse iwiri yomira, ndipo pakati pali mawasha a nayiloni kuti dzimbiri kapena dothi lisaigwire. Kumwamba, chimango chimathera mamilimita 15 kupitirira bowo la lamba, ndipo nsonga yake ndi yobulungira, yopendekera kumwamba pang'ono kuti chingwe cha nsapato chikafikapo chizitsetsereka. Nsongayi ikatalika, ndiye denga lomwe lidzapanikize msana wa phazi. A kampani ya Freejump ya ku France anathana nazo mwa njira ina, mkono wakunja wa pulasitiki yopindika womera pa popondapo n'kusiya pamwamba potseguka, koma pulasitiki yotereyi si yopangira pa benchi. Amene ali ndi makina osindikiza zinthu a 3D asagwiritse ntchito pulasitiki ya PLA, imafewa ikafika madigiri 60, ndipo m'galimoto yotsekedwa pa dzuwa kutentha kumayandikira pamenepo.

Popondapo pali timizere topingasa ta milimita imodzi kuya, osati mano. Mano akuthwa amagwira soli bwino m'matope, koma amagwiranso nthawi yomwe phazi likufunika kutuluka. Ndipo chopondera chilichonse chimapangidwira nsapato ya soli yosalala ndi chidendene cha masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Jombo za ku ntchito za mano akuluakulu ndi nsapato zothamangira zopanda chidendene zimalepheretsa zonsezi.

Kuyesa kuli pawiri. Kwa kulimba, chopondera chimapachikidwa pa mtanda ndi lamba weniweni, kathabwa kolimba kotambalala mamilimita 90 pa popondapo, ndipo pansi pake matumba 5 a simenti a makilogalamu 50 pa thandala lomangidwa ndi tcheni, kuwonjezera limodzilimodzi. Musanayambe yezani mpata wa pakati pa nsonga ya kumwamba ndi mapeto a popondapo, mukatsitsa katundu muyezenso. Ukasintha ngakhale ndi theka la milimita, chimangocho chapindikiratu, chitayeni. Thandala lisatalikire pansi kupitirira chikhatho chimodzi, ndipo mapazi anu akhale kutali.

Kwa kutseguka, chishalo chimamangidwa pa mgolo wa malita 200 wokwezedwa mita imodzi ndi theka. Mwendo ndi wa mtengo, wokhala ndi hinjesi pa kakolo, wovekedwa nsapato yokwerera, ndipo kumtunda kwake kuli thumba la mchenga la makilogalamu 30. Thumbalo limagwetsedwa chammbali, chakumbuyo, ndi kudutsa pamwamba pa chishalo kugwera mbali inayo. Chammbali ndi chakumbuyo kachitseko kakutseguka nsapato n'kutuluka. Kugwera mbali inayo ndi kumene kudakali kokayikitsa, chifukwa lamba amakwera pamwamba pa chishalo, chopondera chimatembenuka, ndipo phazi limakanikiza mkono wam'kati womwe sutseguka. Apa chopulumutsa ndi kachitsulo kokolekapo lamba pa chishalo cha Chingelezi, komwe kali kotseguka kumbuyo kuti lamba yense avuke. Kaloko kakang'ono ka kumapeto kwa kachitsuloka kazikhala kogona nthawi zonse pokwera, ndipo lamba wonenepa kwambiri kapena wouma amakanirira pamenepo ngakhale kaloko kali kogona.

Pomangirira, kachitseko kayang'ane ku mutu wa hatchi pamene chopondera chalendewera chogona pa nthiti. Wokwera akalowetsa phazi, mbali yakutsogoloyo ndi imene imatembenukira kunja. Tadinda L (kumanzere) ndi R (kumanja) pansi pa popondapo ngakhale kuti ziwirizi n'zofanana, pamodzi ndi kamuvi koloza kutsogolo, kuti womanga chishalo asachite kuganizira.

Chomwe chatsala chisanafike pa hatchi ndi kuyesa kutopa kwa chitsulo. Wokwera akamanyamuka ndi kukhala pa trot, kathamangidwe kapakatikati ka hatchi, amaponda pafupifupi ka 80 pa mphindi, ndiye ola limodzi ndi maulendo oposa 4,000, ndipo chitsulo chomwe chapirira matumba a simenti chikhoza kung'aluka ndi katundu wochepa wobwerezabwereza. Makina ake akumangidwa ndi mota ya waipa ya galimoto, kagudumu kosakhala pakati, ndi mtanda wautali wonyamula ndi kutsitsa makilogalamu 80 pa popondapo. Pakatha maulendo 50,000 alionse, ngodya ya pansi, m'mphepete mwa chowotcherera ndi bowo la pini zizipakidwa utoto wofiira wofufuzira ming'alu, kupukuta, n'kuthira ufa woyera wake kuti mng'alu uonekere. Nthawi yomweyo sikelo ya mbedza ibwerere pa mamilimita 30 ndi 90, chifukwa m'mbali mwa kangalande mukamadyeka, makilogalamu 18 aja amatsika.