Kubwereka boti lozungulira zilumba za ku Cape Maclear

Ndisanafunse n'komwe za mtengo, ndimayamba ndayang'ana mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo ukayamba umatha masiku angapo osaleka. Seputembala mpaka Novembala nyanja imakhala bata nthawi zambiri, ngakhale dzuwa lake ndi lowotcha. Nthawi yadzinja kumabwera mpoto ndi mvula yamkuntho yosapanganika.

Chimene chimapusitsa alendo pa Chembe, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear, n'chakuti gombe lake labisala kuseri kwa mapiri. Mwera ukuwomba, madzi a pagombepo amangoti zii ngati m'beseni. Ukangodutsa msonga ya chilumba cha Domwe kulowera ku chilumba cha Mumbo, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chembe, ndi pomwe umakumana ndi mafunde enieni. Choncho sindidalira maso anga. Ndimafunsa asodzi amene angofika kumene kuchokera ku usipa, chifukwa iwo agona panyanjapo.

Boti, kaya la thanga kaya la injini yokha, ndimabwereka pamodzi ndi woliyendetsa wake. Pansi pa madzi ozungulira zilumbazi pali miyala yambiri imene saidziwa mlendo. Pokambirana ndi mwini boti timamvana zinthu izi tisanapatsane ndalama: zilumba zimene tifikeko, ola lonyamuka ndi lobwerera, amene agule petulo, ndi chimene chichitike ngati mphepo italetsa ulendo. Mfundo yomalizayi ndi imene imadzetsa mikangano, chifukwa ambiri amaiiwala. Ndimapereka theka poyamba, lotsalalo pobwerera, ndipo zomwe tagwirizana ndimazilemba pa WhatsApp kuti aliyense akhale nazo.

Kenako ndimakaliona botilo ndekha, madzulo a tsiku loti mawa tinyamuka. Ndimanyamula matabwa apansi n'kuona kuchuluka kwa madzi. Boti lamatabwa sililephera kudontha pang'ono, koma ngati mnyamata akukapa madzi kosalekeza lili pagombe pomwepo, ndimalisiya. Ndimawerenga majekete oyandamitsa, aliyense lake, ndi aang'ono a ana; zomangira zake zikhale zosaduka. Pakhale nkhafi ziwiri, chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake chotalika kuwirikiza kasanu kuya kwa pomwe tikaime. Ngati lili ndi thanga, ndimalitambasulitsa kuti ndione misoko, ndipo ndimafunsa kaputeni kuti andionetse mmene amalichepetsera mphepo ikakula. Akayamba kuzengereza, ndiye kuti sanachitepo.

Injini ailize ili yozizira, ine ndikuona. Kumbuyo kwake kuzituluka kamadzi kothamanga. Kakapanda kutuluka, injiniyo siikuzizira ndipo idzatifera pakati panyanja. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zisatsale.

Za petulo ndimawerengera motere. Injini ya mphamvu ya mahosipawa 15 ikamathamangitsidwa mpaka mapeto imamwa malita pafupifupi 7 pa ola. Ndimagawa mafuta patatu: gawo lopitira, lobwerera, ndi lina losakhudza, chifukwa kubwerera molimbana ndi mafunde kumadya mafuta ochuluka kuposa kupita. Injini zambiri za kuno zimafuna petulo wosakaniza ndi oyilo, kawirikawiri 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa malita 25. Oyilo akachepa injini imatentha n'kuwonongeka, akachuluka pulagi imada n'kuyamba kudukiza. Petuloyo ndimagula pa filingi ku Monkey Bay m'zigubu zoyera, osati wa m'mabotolo, amene nthawi zina amakhala ndi madzi.

Zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ndalama yolowera timalipira kwa a zinyama zakutchire, ndipo lisiti ndimalisunga m'jumbo pamodzi ndi foni. Malire a paki amalowa mamita 100 m'madzi kuchokera kugombe, moti mbedza sitiponyako ndipo nsomba za mbuna timangoziona ndi maso. Kugona pa Domwe kapena pa Mumbo kumafuna kusungitsiratu malo. Sungangokocheza n'kukhoma tenti.

Ndimanyamuka m'mamawa, kuyamba ndi chilumba chakutali, n'kumalizira pa Thumbi chimene chayandikana ndi Chembe. Mukatero, mphepo ikasintha masana mumakhala muli kale pafupi ndi kwanu. Pokocheza timasankha mbali imene mphepo siikufika, ndipo nangula timaponya pamchenga. Pamiyala amakodwa mumng'alu, kenako wina amayenera kumira kukamumasula kapena kudula chingwe, ndipo mwini boti adzafuna mumulipire.

Madzi akumwa ndimatenga malita atatu pa munthu patsiku. Kumtunda ndimasiya munthu wodziwa ola lomwe tibwerere ndi nambala ya kaputeni. Amene asambira m'mbali mwa mudzi akayezetse likodzo pakatha miyezi iwiri, ngakhale asakumva kalikonse m'thupi.