Ku Edirne, m'mapazi a Mary Fisher

Basi yochokera ku Istanbul imatenga pafupifupi maola atatu kuti ifike ku Edirne, kufupi ndi malire a Greece ndi Bulgaria. Alendo ambiri amathamangira mzikiti wa Selimiye, womwe anamanga Mimar Sinan, komanso chiwindi chokazinga chomwe mzindawu umatchuka nacho. Mzikitiwo ndinauona, chiwindicho ndinadya, koma chinandikokera kuno ndi nkhani ya Mary Fisher.

Mayiyu anali wantchito wa m'nyumba ku Selby, ku England. Atalowa gulu lachikhristu la ma Quaker anayamba kulalikira, ndipo mu 1652 anamutsekera m'ndende ku York chifukwa chodzudzula m'busa poyera. Chaka chotsatira, iye ndi Elizabeth Williams anakwapulidwa pamsika ku Cambridge mpaka magazi chuchuchu. Atafika ku Boston, ku America, mu 1656 pamodzi ndi Ann Austin, akuluakulu anawatenthera mabuku, anawavula zovala kufunafuna zizindikiro za ufiti, n'kuwasunga m'ndende milungu isanu asanawabweze ku Barbados. Onse amene anachita izi ankadzitcha Akhristu, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ndinatsetsereka wapansi mpaka ku Sarayiçi, m'mbali mwa mtsinje wa Tunca, kumene kuli mabwinja a nyumba yachifumu. Nsanja ya Adalet Kasrı ikadali chilili. Mu 1658, mzindawu Azungu akuutchula kuti Adrianople, Sultan Mehmed IV, mfumu ya ufumu wa Ottoman, anali kudera lino ndi asilikali ake. Anali mnyamata wa zaka 16 zokha. Kazembe wa Angelezi ku Smyrna (mzinda wa Izmir masiku ano) anali atamukweza Mary sitima yopita ku Venice kuti asafike kuno, koma iye anatsikira m'njira n'kudzera pamtunda. Tangoganizani: mkazi wopanda chuma, wosadziwa chiyankhulo cha kuno, akuti ali ndi uthenga wa Mulungu wopita kwa mfumu.

Mfumuyo inamulandira ngati nthumwi ya dziko. Inamupatsa omasulira, n'kumumvetsera mpaka atatha mawu ake. Palibe anamukhudza. Inafunanso kumupatsa asilikali omuperekeza ku Constantinople (Istanbul ya lero), koma Mary anakana, n'kupita yekha.

Pambuyo pake anabwerera ku England, anakwatiwa, ndipo anakathera moyo wake ku Charleston, ku America, mu 1698.