Ndinakafika ku Khulubvi, kwa Mbona

Amene mukufuna kukaona Khulubvi konzekani kutentha kaye, chifukwa mukangotsika mapiri a Thabwa kuchokera ku Blantyre mphepo imasinthiratu, muwoloke Shire pa Kamuzu Bridge, mudutse minda ya nzimbe ya ku Nchalo, Ngabu, Bangula, pofika ku Nsanje thukuta lili kamukamu.

Khulubvi ndi nkhalango yomwe kuli kachisi wa Mbona, mzimu wa mvula wa Amang'anja. Sungangolowamo ngati ukupita kumsika ayi, umayamba wadzera kwa eni ake. Agogo amene anatiperekeza anatiuza tivule nsapato, ndipo mkatikati mwenimwenimo sitinafikemo, tinaima pomwe anati imani apa. Zovala za kukachisiko ndi zakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. M'menemo saduladula mitengo, ndiye ukayang'ana kunja komwe mitengo inatha ndi makala kenako n'kuyang'ana mitengo ikuluikulu ya m'katimu, mtima umagunda ndithu.

Nkhani yake agogowo anaifotokoza motsitsa mawu. Akuti Mbona anavina mvula n'kugwa pomwe akuluakulu analephera, nsanje inabuka, anathawira kumwera adani ali pambuyo. Mikondo ndi mipeni sizinkamulowa mpaka anawauza yekha kuti chomwe chingamuphe ndi tsamba la udzu. Anamudula mutu, magazi ake anasanduka mtsinje, mutuwo ndi umene unasungidwa ku Khulubvi. Ndiye pali Salima, mkazi wa Mbona, mayi weniweni amene amapatulidwa kukhala pakachisipo, ndipo amakhulupirira kuti Mbona amamuyendera ngati nsato n'kumuuza za mvula, chilala kapena dzombe. Ndinafunsa kuti agogo, ndiye Mbona ndi mulungu? Anati ayi mwana wanga, iye amatiperekera madandaulo kwa Mulungu.

Chomwe chinandigwira kwambiri n'choti izi si nthano zongocheza madzulo, ndi nkhani ya nthaka ndi chakudya. Cha m'ma 1950 boma la atsamunda litakakamiza anthu a kuchigwa cha Shire kulima mitumbira, anthu anakana ndipo mawu a Mbona anali mbali yawo, kuti nthaka yake sailima choncho. Mafumu monga Lundu, Tengani, Malemia ndi Ngabu onse ali ndi gawo pa kachisiyu. Wansembe wachikatolika Matthew Schoffeleers anafufuza zimenezi zaka zambiri, buku lake River of Blood linatuluka mu 1992, ndipo mu 2011 malowa analowa pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ngati chuma cha dziko lonse lapansi ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe.

Ine ndimapemphera kutchalitchi koma zimandiwawa anthu akamangoti zonsezi ndi zaziwanda asanapite n'komwe kukamva okha. Mukamapita tengani madzi akumwa ambiri, musavale zowala, ndipo foni isatuluke m'thumba kujambula musanapemphe chilolezo.