Kumbuyo kwa Vitz yanga

Mvula ikangoyamba, msewu wa kwathu ku Chibavi umadzaza maenje. Vitz yanga kumbuyo ili ndi torsion beam, chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri. Limodzi likagwera m'dzenje, linalo limamva nawo, ndipo amayi akakhala kumbuyoko amagwiritsitsa chitseko osalankhula.

Sabata yatha ndinayendetsa Axela ya alamu anga kutsetserekera ku Nkhata Bay. Kumbuyo kwake ndi multi-link, tayala lililonse limakwera ndi kutsika palokha. M'makona aja galimoto inkangomata pansi, mtima wanga uli m'malo.

Koma amakaniko anga a ku Luwinga atandiwerengera kuchuluka kwa mabushi a Axela, timalabala ta m'malo olumikizira zitsulo, ndinaganiza za ndalama. Pa Vitz ndimangosintha mashoko n'kumapita, ndipo thumba la chimanga limakwana m'buti. Sindiigulitsa.