Katswiri wa maso wa pa intaneti

Njira zotchuka zowongolera maso ndi laser, kuwala kwamphamvu kotha kudula, zilipo zitatu: PRK, LASIK ndi SMILE. Panali nthawi imene ndinkazidziwa zonsezi bwino kuposa masiku obadwa a ana anga, ndipo aliyense wolakwitsa n'kundipatsa moni ankalandira phunziro laulere, afune asafune.

Magalasi ndinayamba kuvala ndili kupulayimale. Pofika chaka chimene ndikunenachi anali atadutsa minus 6, kutanthauza kuti ndikawavula, chilembo chachikulu chija cha pamwamba penipeni pa tchati cha dokotala ndinkachitchula chifukwa choloweza basi. Ndinali nditatopa nawo. Akagwera kuseri kwa bedi pankafunika magalasi ena oti ndiwafunire, ndipo mwana wathu wamng'ono anali atatulukira kuti akawalanda, bambo ake sangamuthamangitse. Ndiye ndinalowa pa intaneti kukafufuza za opaleshoni, ndipo sindinatulukeko msanga.

Zomwe ndinapeza n'zakuti m'maso ngati anga, kuwala kumakumana kusanafike pamalo pake kumbuyo kwa diso. Opaleshoni zonse zitatu amazichita pa kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamene madokotala amati cornea. N'kopyapyala zedi, theka la milimita n'kakuti, ndipo akakasema pakati kuti kaphwatalale pang'ono, kuwala kumagwera poyenera. Zimasiyana pa momwe dokotala amafikira pamalo osemawo. Pa PRK amapala kaye khungu lapamwamba la cornea, laser n'kusema, kenako khungulo limamera lokha, mwapang'onopang'ono komanso mopweteka. Pa LASIK amadula kachivundikiro kopyapyala, n'kukatsegula ngati tsamba la buku, n'kusema pansi pake, n'kukabwezera, ndipo ambiri amadzuka mawa lake akuona bwino. SMILE ndi yatsopano pa zonsezi: laser imadula kachidutswa mkati mwenimweni mwa cornea, dokotala n'kukasolola pa kabowo ka mamilimita ochepa chabe. Ku America PRK anaivomereza mu 1995, LASIK mu 1999, SMILE mu 2016. Zaka zimenezi ndinaziona ngati mpikisano wothamanga, ndipo kwa ine wobwera pomaliza ndiye anali wopambana.

Ndinalemba zonsezi pa tebulo la mizere ndi mitundu, n'kulisindikiza, n'kuliika m'fayilo. Amayi akunyumba ankangondiyang'ana. Usiku wina ndinawafotokozera kuti laser yosemera ija imatchedwa excimer, ndipo akatswiri atatu a ku kampani ya makompyuta ya IBM, a Srinivasan, a Blum ndi a Wynne, anayamba kuiyesa mu 1981 pa zotsala za nkhukundembo ya pa Thanksgiving, chikondwerero choyamika cha ku America.

“Ndiye inu mukufuna mukhale nkhukundembo yachiwiri?” anatero, n'kuzimitsa nyale.

Sindinakhumudwe. Anthu a sayansi akhala akunyozedwa kuyambira kalekale.

Tsiku loyezetsa ndinapita nditasankha kale: SMILE, popanda zokambirana. Anamwino anandiika pa makina osiyanasiyana, chibwano apa, chipumi apa, yang'anani kakuwala, musaphethire. Ena ankajambula mapu a cornea, ena ankayeza kuchindikala kwake. Pomaliza anandidontheza mankhwala okulitsa mwanadiso, ananditengera magalasi kuti akawayeze mphamvu, n'kundiuza kuti ndikadikire panja mankhwalawo agwire ntchito. Ndinafika pampando ndikufwanthula khoma. Mankhwala atayamba kugwira, nyale zonse za m'chipindamo zinasanduka dzuwa, anthu n'kusanduka mitambo yoyenda.

Mtambo wina unabwera n'kukhala pafupi nane. Unali wamwamuna, chakubuluu, ndipo unkamveka kuti ukumwa madzi. Unapumira m'mwamba ngati munthu wotopa. Ine mumtima ndinati, uyu ndi mnzanga wodwala, mantha amugwira, ndimuthandize.

“Nanunso ndi za laser, achimwene?”

“Eee, za laser,” unayankha mtambowo.

“Musaope. Koma ndikutsineni khutu. Mukalowa umo musalole kuti akunyengerereni PRK.”

“Chonchi?”

“Ndithu. Imene ija ndi ya makedzana. Amakupala diso, sabata yonse mukulira m'chipinda cha mdima, mwezi wathunthu mukuona mwachimbuuzi. Dokotala amene akuchitabe PRK masiku ano, ndiye kuti mwina makina atsopano anamukanika kugula, kapena anasiya kuwerenga.”

“Aa! Anasiya kuwerenga?”

“Ambiri amatero akangolandira pepala.”

Munthuyo anali womvetsera bwino kwambiri, mtundu wa anthu amene ndinkausowa kunyumba. Ankati “ehe”, “pitirizani”, “zimenezo sindinazimvepo”. Ndinamufotokozera za kachivundikiro ka LASIK, kuti sikalumikizananso mwamphamvu ngati poyamba, n'chifukwa chake ankhonya ndi ena ogundidwa kumaso amalangizidwa njira zina. Ndinamuuza za kuuma kwa maso, ndi zozungulira zowala zimene ena amaona pa nyale za galimoto usiku. Ndinamuuza kuti excimer ndi laser yozizira, siwotcha, imangodula timfundo tolumikiza minofu. Za nkhukundembo nazo ndinamuuza. Ndinafika pomutsegulira fayilo ija kuti aone tebulo langa, iye n'kuyamikira mitundu yake. Kenako anati, “Ndathokoza kwambiri, ndaphunzira zambiri,” n'kuimirira, n'kuloŵa chitseko china popanda womuitana. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati mwina wapita kukadzithandiza, mantha amatero.

Dzina langa linaitanidwa. Anamwino anandigwira mkono n'kundiloŵetsa chitseko chomwecho. Kuseri kwa tebulo kunali mtambo wabuluu.

“Takulandirani, akatswiri,” unatero, ndi mawu omwe aja. “Khalani pansi. Ine ndi uja wosiya kuwerenga uja.”

Anthu amati pansi pangotseguka ndiloŵe. Ine ndinayang'anadi pansi, koma sindinkapaona.

Adokotala sanakwiye, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya. Anatembenuza kompyuta, nandiuza kuti ndisendere mpaka mphuno itatsala pang'ono kukhudza galasi, kuti ndione manambala. Cornea ya anthu ambiri imachindikala pafupifupi ma micron 540 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Yanga inali 470. Anatenga cholembera n'kuyamba masamu pang'onopang'ono, mokweza mawu, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade 3. Kachivundikiro ka LASIK kamadya ma micron oposa 100. Kuti achotse minus 6 wanga, laser iyenera kusema ena pafupifupi 90. Pansi payenera kutsala khoma lokwanira, lomwe madokotala safuna kuti lichepere 250, ndipo ambiri amafuna 300, chifukwa likapyapyala kwambiri cornea imatha kutukumuka patapita zaka, munthu n'kuona moipa kuposa poyamba.

“Chotsani nokha, inu ndi a masamu.”

Ndinachotsa. Sizinafike pa 300.

“Nanga SMILE, adokotala?” ndinafunsa ndi mawu a munthu wopempha ngongole.

“Makina ake tili nawo, musadandaule, tinakwanitsa kugula. Koma nayonso imadula mkati, pansi pa chikopa chochindikala mofanana ndi kachivundikiro kaja. Pa diso lanu ine sindingayerekeze. Pa PRK palibe kachivundikiro. Khungu lapamwamba timapala lija ndi la ma micron 50 okha, ndipo limameranso. Maso anu asankha ya makedzana.”

Ndinabwerera kunyumba nditavala magalasi awiri, anga ndi akuda pamwamba pake, fayilo ili kukhwapa. Amayi akunyumba atafunsa kuti zayenda bwanji, ndinati adokotala ndi ine tagwirizana titakambirana mozama. Zoona zake anazimva kwa anamwino tsiku la opaleshoni, pomwe anandiperekeza, ndipo kuseka kwawo ndinkakumva ndili kale m'kati nditavekedwa kachipewa.

Opaleshoni yeniyeniyo ndi yaifupi modabwitsa. Anandigoneka chagada, nandidontheza mankhwala ochititsa dzanzi, nanditsegula zikope ndi kachitsulo kuti ndisaphethire. Kupala kuja sindinamve ululu, ndinangoona dziko likupukutidwa. Adokotala anati ndiyang'ane kakuwala kali pamwamba, ndisasunthe, ngakhale makinawo amalitsatira okha diso likagwedezeka. Laser inayamba kulira, tha tha tha tha. Patangotha masekondi ochepa, mphuno yanga inanunkhiza chinthu chimene sichinali pa tebulo langa la mitundu lija: fungo la tsitsi lopserera.

“Chikupsa! Adokotala, chinachake chikupsa!”

“Yang'anani kuwala.”

“Ndi diso langa limenelo!”

“Ndi laser yozizira imeneyi, siwotcha,” anatero modekha, makina akulirabe. “Anandiuza katswiri wina panja apo.”

Anamwino amene anandigwira dzanja ankanjenjemera, ndipo sanali mantha. Pambuyo pake anandiuza kuti fungolo ndi la tizidutswa ta cornea timene laser imauluza, aliyense amalimva, koma si aliyense amene amaitana ozimitsa moto. Diso lachiwiri ndinakhala chete. Anatsuka ndi madzi ozizira, naika kagalasi kofewa m'diso lililonse kokhala ngati bandeji, nati ndidzuke ndizipita.

Madzulo a tsikulo ndinali ngwazi. Ndinaimbira abale kuwauza kuti ululu wa PRK amangoukokomeza pa intaneti. Dzanzi litatha ndinasiya kuimba mafoni.

Pano ndinene chilungamo: zonse zimene ndinauza mtambo uja zokhudza masiku otsatira PRK zinali zoona, ndipo palibe tsiku limene ndinadana ndi kulondola kwanga ngati masiku amenewo. Maso ankachita kuthetheka. Misozi inkangotsika yokha, mphuno nayo n'kulowerera ngati yaitanidwa. Makatani onse anali otseka, koma kakuwala ka chaja ya foni pakhoma kankandilasa mpaka ndinapempha kuti akamate. Usiku ndinkagona nditamatidwa tizivundikiro tapulasitiki kumaso kuti ndisatikite m'tulo, ndipo mwana wamng'ono uja atandiona m'bandakucha ndikufufuza njira ya kubafa, analira mpaka anadzutsa nyumba yonse. Mabotolo a mankhwala analipo angapo, ena oletsa tizilombo, ena oletsa kutupa, ena ongonyowetsa, lililonse ndi nthawi yake. Mwamuna amene anapanga tebulo la opaleshoni zitatu sankatha kusiyanitsa botolo ndi linzake. Amayi akunyumba ndiwo ankandidontheza, ndipo dontho lililonse linkabwera ndi mawu.

“Tsegulani diso, a pulofesa. Linalo. Ati anasiya kuwerenga ndani?”

Fayilo ija anaipezera ntchito. Ankandikupizira nayo mphepo.

Tigalasi ta bandeji atatichotsa, ululu unatha, koma maso anayamba masewera ena. M'mawa ndinkaona masamba a mtengo limodzilimodzi, n'kuyamba kuyamika. Pofika masana chilembo chilichonse pa kompyuta chinali ndi mapasa ake. Kuntchito ndinakulitsa zilembo mpaka anzanga ankawerenga makalata anga ali kukhomo. Mnzanga wina amene anachita LASIK chaka chapitacho ankadutsa pa desiki yanga tsiku ndi tsiku kudzandikumbutsa kuti iye anayendetsa galimoto mawa lake lomwe. Ndinkamuyankha kuti cornea yanga ilibe chitseko, aliyense atha kundimenya chibakera pa diso popanda chosuntha. Iye anati ngati ndipitiriza kulankhula za cornea, alipo ambiri mu ofesimo okonzeka kuyesa.

Kenako, mosadziwika tsiku lake, zinthu zinangokhala bwino. Ndinkadzuka n'kuona wotchi ya pakhoma. Dzanja linkapitabe pamphuno kukakankha magalasi omwe kulibe, ndipo kangapo ndinadzitosa m'diso lomwe anandiletsa kuligwira.

Pa ulendo womaliza wokaonedwa, ndinawerenga tchati mpaka mzere umene anamwino anati wakwana, osaloweza chilichonse. Ndinaloŵa kwa adokotala ndikuyenda mwamatama. Ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti munthu ameneyu ndinali ndisanamuonepo nkhope. Tsiku loyamba anali mtambo. Tsiku la opaleshoni anali mawu ochokera kuseri kwa makina. Masiku enawo anali mapasa osaoneka bwino. Tsopano anali bambo wachikulire ndithu, wa imvi m'mbali, wa nkhope yachifundo yosagwirizana n'komwe ndi lilime lake.

Pamphuno pake panali magalasi.

Ndinayesetsa kudzigwira. Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana nsapato zanga, zomwe tsopano ndinkaziona. Koma pakamwa panga sipanaphunzirepo kanthu.

“Pepani adokotala, ndifunse nawo. Inu mumasema maso a anthu tsiku lililonse. Nanga amenewo?”

Anawavula n'kuwapukuta pa malaya mosafulumira.

“Awa ndi owerengera. Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi ka mkati mwa diso kamayamba kuuma, zapafupi n'kumavuta. Zimenezo si za cornea, ndipo zomwe takuchitanizi siziletsa. Muli ndi zaka zingati kodi?”

“38.”

“Musataye kachikwama ka magalasi kaja.”

Ndinameza mate. “Koma njira yokonzera zimenezo iliko? Inu simunaganizepo zochitidwa?”

“Ziliko zingapo. Ena timawakonza diso limodzi lizionera patali, linalo pafupi. Ena amasintha kagalasi ka mkatiko. Ine ndikadasankhabe,” anatero akubwezera magalasi pamphuno. “Mukapanga tebulo la mitundu lija, mundibweretsere.”